Chifukwa chake usipa ukadalipo koma chambo chikusowa: mmene Nyanja ya Malawi imadyetsera nsomba zake

Munthu akaima pagombe ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay n'kuponya maso kum'mawa, amangoona madzi mpaka pomwe akumana ndi mitambo. Mpake kuti ambiri amati nsomba sizingathe m'nyanja. Nyanjayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto kuli malo akuya mamita 700. Komatu kuchuluka kwa madzi si kuchuluka kwa nsomba. Gawo la nyanja lomwe limabala chakudya ndi lapamwamba lokha, ndipo malo omwe nsomba ngati chambo zimaswerana ndi kamzere kopyapyala ka m'mbali mwa gombe. Zomwe zagwera chambo, ntchila ndi mpasa zimamveka bwino munthu akadziwa magawo awiriwa.

Munda wa nyanja uli pamwamba

Chamoyo chilichonse chimafuna mphamvu, ndipo mphamvu zonse za m'nyanja zimayambira ku dzuwa. Kumtunda, chimanga, udzu ndi mitengo ndi zomwe zimatenga kuwala, madzi ndi mpweya wa kaboni n'kupanga chakudya. M'nyanja ntchito imeneyi ndi ya ndere. Ndere zina zimamera pamiyala, zija zoterera zomwe zimagwetsa munthu akaponda mosasamala. Zina ndi zoyandama, zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso. Ukatunga madzi m'kapu pakati pa nyanja umayesa mulibe kanthu, chonsecho muli ndere zosawerengeka.

Kuti ndere zikule zimafuna zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: kuwala, ndi chonde. Chonde chake ndi chomwe chija mlimi amagula m'thumba la feteleza wokulitsa, nayitirojeni ndi fosiforasi. Vuto la nyanja yakuya ndi lakuti kuwala kuli pamwamba pomwe chonde chili pansi. Kuwala kokwanira kumalowa mamita makumi ochepa chabe. Ndere ikafa, kachilombo kakafa, nsomba ikachita chimbudzi, zonsezo zimamira pang'onopang'ono, ndipo zimamira ndi chonde chomwe.

Bwanji madzi apansiwo sabwera pamwamba? Madzi ofunda ndi opepuka kusiyana ndi ozizira. Pamwamba pa Nyanja ya Malawi madzi amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 malinga ndi nyengo, pomwe pansi penipeni amakhala pa 22 kapena 23 chaka chonse. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma n'kokwanira kuti madzi ofundawo akhale ngati chivundikiro pa mphika. Kumaiko ozizira nyanja zimatembenuka nyengo yachisanu ikafika, zapansi n'kubwera pamwamba. Yathuyi siitembenuka yonse. Mabakiteriya omwe amaoletsa zomira zija amatha mpweya wa okosijeni, ndipo palibe njira yoti mpweya watsopano ufike kumeneko. Kuyambira pa mamita 200 mpaka 250 kupita pansi, madzi alibe okosijeni. Kulibe nsomba, kulibe nkhanu, kulibe nkhono. Madzi onse a pansi pa mzere umenewo, omwe ndi gawo lalikulu ndithu la nyanja, ndi nkhokwe ya chonde yotsekedwa.

Apa ndi pomwe alendo ambiri amasokonezeka. Madzi oyera mbee a ku Likoma kapena ku Chizumulu, momwe umaona mwala uli pansi patali, ndi okongola, koma kuyera kwakeko kukutanthauza kuti ndere zoyandama n'zochepa. Kwa nsomba yodya ndere zoyandama, madzi obiriwirako ndiwo munda wachonde.

Ntchito ya mwera

Chomwe chimatsegulako nkhokwe ija ndi mphepo. Kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti kapena Sepitembala kumaomba mwera, kuchokera kumwera chakum'mawa, ndipo umatsata kutalika konse kwa nyanja. Umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto. M'malo mwake, kumwera kumatumphuka madzi ozizira a pakatikati, atanyamula chonde. Nthawi yomweyo mpweya umakhala wozizira, madzi apamwamba amazizirako, ndiye chivundikiro chija chimafooka ndipo madzi amasakanikirana mozama kuposa miyezi ina.

Kumwera kwa nyanja, ku Mangochi, kuli nthambi ziwiri zosaya. Chonde chikafika kumeneko chimapeza kuwala mpaka pafupi ndi pansi, ndipo ndere zimaphuka. Ndicho chifukwa chake nthambi ya kumwera chakum'mawa, yomwe imathera mu Shire, yakhala dera la nsomba zambiri kuposa lina lililonse, ndipo ndi komwe kunakhazikika usodzi wa mabwato akuluakulu okoka makoka. Kumpoto, komwe mapiri amatsikira m'madzi mwaphompho, nyanja ndi yakuya pafupi ndi gombe pomwe, ndipo malo osaya ndi ochepa.

Msodzi amadana nawo mwera chifukwa umamutsekera pagombe ndipo umamiza mabwato, komatu usipa wa miyezi yotsatira umadalira mwera womwewo. Nthawi zina mphepo ikanyanya imakweza madzi opanda okosijeni mwadzidzidzi, nsomba n'kufa mwaunyinji kumayandama. Anthu akaona zotere amathamangira kunena kuti wina wathira mankhwala, koma kawirikawiri ndi nyanja yokha yachita.

Chonde china chimabwera ndi mitsinje nthawi ya mvula, china chimagwa kuchokera mumlengalenga ngati fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire.

Chodya ndi chodyedwa

Ndere zoyandama zimadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, abale ake a nkhanu, tambiri mwa ito tosaposa milimita imodzi kapena ziwiri. Tizilomboti timadyedwa ndi usipa, utaka ndi mphutsi za nkhungu. Usipa ndi utaka zimadyedwa ndi mcheni, kampango ndi bombe. Pamwamba pa zonse pali nkhwazi, katumbu, ng'ona ndi munthu.

Pa sitepe iliyonse mphamvu zambiri zimatayika. Usipa ukadya, chakudya chambiri chimathera pa kusambira, kupuma ndi chimbudzi, ndipo chochepa chokha ndicho chimasanduka mnofu. Akatswiri a zachilengedwe amawerengera kuti chomwe chimadutsa kupita pa sitepe yotsatira ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Tingoyerekeza: makilogalamu 1,000 a ndere angalere makilogalamu 100 a tizilombo tija, amenewo n'kulera makilogalamu 10 a usipa, amenewo n'kulera kilogalamu imodzi ya mcheni. N'chifukwa chake usipa umagulitsidwa pa ndowa pomwe kampango amagulitsidwa mmodzimmodzi. Nsomba zodya zinzake sizingachuluke kuposa zomwe zimadya, monganso mikango ya ku Liwonde singachuluke kuposa nswala.

Pa makwerero amenewa chambo chili pamalo odabwitsa. Ndi nsomba yaikulu, koma imadya pansi penipeni pa makwerero: imasefa ndere zoyandama, imapala zomera pa udzu wa m'madzi, ndipo imadyako tizilombo tija. Chimatembenuza ndere kukhala mnofu popanda mkhalapakati. Ndiye chifukwa chake nyanja inkatha kulera chambo chochuluka chonchija, ndipo n'chifukwa chakenso kusowa kwake sikunayambe ndi njala. Chakudya cha chambo chikadalipo.

Nkhungu

Aliyense wa kunyanja amaudziwa utsi wakuda uja womwe umaima pamwamba pa madzi ngati kwinakwake kukupsa, makamaka nthawi ya mvula mwezi ukakhala mumdima. Ndi nkhungu, tintchentche tosaluma tomwe asayansi amatitcha Chaoborus edulis. Moyo wake wautali umathera m'madzi ngati mphutsi yoonekera mkati ngati galasi. Masana mphutsizi zimatsikira kuya, kumalire a madzi opanda okosijeni, komwe nsomba zambiri sizingazitsatire. Usiku zimakwera kudzadya tizilombo ta pamwamba, kukamacha n'kutsikanso. Zikakhwima zimatuluka m'madzi zonse pamodzi, zimakwerana m'mwamba, zimaikira mazira pamadzi, ndipo m'masiku owerengeka zatha. Mphepo ikaziponya kumtunda anthu amazikola ndi madengu n'kuumba timikate ta ndiwo.

Nkhani ya nkhungu ili ndi phunziro pa za kuweruza msanga. Kale ena ankaganiza kuti nkhungu zimangowononga chakudya chomwe chikanalera nsomba, ndipo panali maganizo obweretsa kapenta wa ku Nyanja ya Tanganyika kuti adzadye chakudyacho, monga anachitira ku Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kafukufuku wa pakati pa nyanja wa m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti madzi akuyawo sali opanda eni: muli ndunduma ndi nsomba zina zambiri zomwe zimadya mphutsi za nkhungu. Chomwe chinkaoneka ngati chotayika chinali mbale ya nsomba zomwe anthu anali asanazidziwe bwino. Mwamwayi kapentayo sanabwere.

Mitundu yambirimbiri pa thanthwe limodzi

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Akatswiri amayerekeza kuti ilipo pakati pa 800 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonse ya banja la chambo, utaka ndi mbuna sipezeka kwina kulikonse. Funso ndi lakuti, zimakhalirana bwanji osalandana chakudya mpaka ina kutha?

Yankho lili m'kamwa. Nsomba za banja limeneli zili ndi nsagwada ziwiri: zakunja zomwe timaziona, ndi zina zapakhosi zomwe zili ndi mano akeake. Zapakhosi zimapera, ndiye zakunja zimatsala ndi ntchito yotola yokha, ndipo zasinthika mosiyanasiyana ngati zipangizo za mmisiri. Ukamira pa thanthwe limodzi ku Cape Maclear uona mbuna ina ya kamwa loyang'ana pansi ikumweta ndere ngati ikupala moto, ina ya milomo yotambalala ikupesa ndere kuchotsamo tizinthu tomwe takodwamo, ina ikutola timphutsi m'ming'alu. Pali ina yomwe imadya mamba ndi zipsepse za anzake. Pali kaligono, yemwe amagona chammbali pamchenga ngati wafa, thupi lili mawangamawanga ngati layamba kuola, ndipo kansomba kakayandikira kuti kadye mtembo, iye ndiye amakameza. Nsomba iliyonse ili ndi ntchito yake, malo ake ndi kuya kwake. Mitundu iwiri ikamafuna chinthu chimodzimodzi pamalo amodzimodzi, umodzi umagonja. Kugawana kotereku ndiko kumalola yambiri kukhalira limodzi.

Nanga inachuluka bwanji chonchi? Mbuna sizikonda kuchoka pamiyala. Mchenga wa makilomita ochepa pakati pa matanthwe awiri uli ngati chipululu kwa izo. Ana saulutsidwanso ndi mafunde, poti amakulira m'kamwa mwa mayi. Choncho mbuna za pa chilumba china zimatha mibadwo yambirimbiri osakumana ndi za chilumba chinzake. Kuonjezera apo, yaikazi imasankha yaimuna poona mtundu wa khungu lake. Kuno zazikazi zikamakonda yabuluu, uko zikamakonda yachikasu, pakapita nthawi magulu awiriwo sakwatiranso ngakhale atakumana. Asanduka mitundu iwiri.

Kukongola kumeneku kuli ndi ngozi yake. Mitundu ina ya mbuna dziko lake lonse ndi chilumba chimodzi kapena mulu umodzi wa miyala. Malo amenewo akakwiririka ndi matope, mtunduwo watha pa dziko lonse. Ichi ndi china mwa zifukwa zomwe boma linakhazikitsira Lake Malawi National Park mu 1980, yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Malire a pakiyi amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pagombe, ndipo m'menemo ndi momwe mbuna zambiri zimakhala.

Kaswanidwe: apa ndi pomwe pagona nkhani

Nsomba ziwiri zikhoza kugwidwa ndi khoka limodzi, ina n'kubwerera chaka chamawa, ina osabwereranso. Kusiyana kwake kuli pa mmene zimaswerana.

Usipa umakula msanga, umaswana usanathe chaka, umamwaza mazira ambirimbiri m'madzi n'kuwasiya, ndipo moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ana ambiri amafa, koma chaka cha chakudya chambiri otsalawo amadzaza nyanja. N'chifukwa chake usipa umasefukira chaka china n'kusowa chaka china, ndipo kukwera ndi kutsika kwake kumatsata kwambiri nyengo. Mtundu wotere umapirira usodzi kuposa ina, ngakhale nawonso uli ndi malire.

Chambo chimayenda njira ina. Dzina lakuti chambo likuphimba mitundu itatu, yomwe m'mabuku imalembedwa kuti Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chikhwime, ndipo chambiri chimayamba kuswana chitapitirira masentimita 20. Nyengo ikakwana zazimuna zimasintha mtundu, zimasonkhana pamalo amchenga, ndipo chilichonse chimakumba chisa chozungulira ngati lichero lalikulu, chokhala ndi kachulu pakati. Chachikazi chimayendera zisazo, chimasankha, chimaikira mazira pang'onopang'ono n'kumawatola m'kamwa. Mazirawo ndi mazana angapo chabe. Kwa masabata angapo chimawasunga m'kamwamo, chikudya pang'ono kapena osadya n'komwe, mpaka ataswa ndi kuyamba kusambira. Kenako chimapita nawo kumadzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu, komwe chimawalavula kuti adye, koma pakabwera choopsa amathawiranso m'kamwa. Anawo akasiyidwa amakhalabe m'madzi osayawo miyezi yambiri. Ndiye kasawala ameneyo.

Taonani malo omwe moyo wa chambo umadutsa: mchenga wosaya, kamwa la mayi, bango la m'mbali. Onsewo ali pomwe khoka lokokera kumtunda limafika. Khoka likadutsa pa zisa limazisalaza ndipo limagwira zazimuna zomwe sizithawa chifukwa zikulondera. Likagwira chachikazi chofungatira, chimalavula ana pamchenga, ndiye pafa nsomba mazana pa mtengo wa imodzi. Likalowa m'bango limakokolola kasawala yemwe sanaswepo n'kamodzi komwe.

Kampango naye amalera. Bambo ndi mayi amalondera ana pachisa pakati pa miyala, mayi n'kumawaikira mazira osakhwima kuti adye. Kholo likagwidwa, anawo amadyedwa ndi nsomba zina tsiku lomwelo.

Mpasa, sanjika ndi ntchila zimakulira m'nyanja koma zimakwera mitsinje kukaswana. Mpasa zimafuna miyala ing'onoing'ono yoyera pansi pa madzi oyenda, m'mitsinje ngati Bua, Linthipe ndi North Rukuru. Nsomba zonse za mtundu umodzi zikamadutsa pa khomo limodzi lopapatiza, ukonde umodzi wotchinga pa mathiriro a mtsinje, kapena mono wotseka mtsinje wonse, ukhoza kudula m'badwo wathunthu. Ntchila zinali m'gulu la nsomba zogwidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1950, koma lero achinyamata ambiri a kunyanja sanaionepo. Mtsinje wa Bua wasungako mpasa chifukwa gawo lake lina limadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota.

Zomwe zinachitika ku Malombe

Nyanja ya Malombe, yomwe Shire amadutsamo atangotuluka ku Mangochi, ndi yosaya, mamita ochepa chabe, ndipo inali khola la chambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inkatulutsa matani zikwi zingapo a chambo pa chaka. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Makoka a maso aang'ono, a kambuzi ndi nkacha, anachuluka. Ankagwira kasawala pamodzi ndi kambuzi, komanso pokoka pansi ankazula udzu wa m'madzi womwe unali pobisalira ana a nsomba ndi pomera chakudya chawo. Udzu utatha, matope anayamba kuvunduka, kuwala kunachepa, udzuwo sunamerenso msanga. Malo a chambo anatengedwa ndi tinsomba ting'onoting'ono tokhwima msanga. Nyanja inakhalabe ndi nsomba, koma za mtundu wina ndi za mtengo wotsika. Makomiti a m'madoko, omwe anthu amangoti ma BVC, anayambira kumeneko mu 1993 poyesa kubweza zinthu.

Chomwe chimapusitsa pa usodzi n'chakuti nsomba zikamachepa, zogwidwa sizitsika nthawi yomweyo. Zotsala zimasonkhanabe pamalo omwe asodzi amawadziwa. Asodzi amaonjezera maukonde, amachepetsa maso, amagula injini, amayatsa nyali zowala kwambiri usiku ngati pa kauni. Pa doko mulu umaoneka womwewo, chonsecho m'madzi mukutha. Zizindikiro zenizeni ndi zina: nsomba zogwidwa zikucheperachepera msinkhu chaka ndi chaka, ulendo ukutalika, maola a pamadzi akuchuluka kuti ndowa idzaze. Izi zikaoneka, ndiye kuti mbewu yayamba kudyedwa.

Mu 2018 bungwe loona za kasamalidwe ka chilengedwe pa dziko lonse la IUCN linaika mitundu itatu ija ya chambo pa gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu yotheratu, ndipo pali mantha akuti lidole mwina unatha kale.

Malamulo alipo, ndipo maziko ake ndi sayansi yomweyi. Diso la ukonde limasankha msinkhu wa nsomba: likakhala lalikulu, yaing'ono imapyola n'kukaswana kaye. Neti yotetezera udzudzu ilibe chomwe imapyoletsa, ngakhale ana ongolavulidwa kumene, ndipo n'chifukwa chake ndi yoletsedwa. Maukonde opyapyala a pulasitiki aja ndi otchipa, amang'ambika msanga, ndipo akatayidwa m'madzi saola, amapitiriza kupha nsomba zomwe palibe adzadye. Lamulo limaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15, ngakhale kunena zoona muyezo umenewu ndi wotsika, poti chambo cha masentimita 16 sichinaswebe. Makoka okokera kumtunda amatsekedwa kwa nyengo yoikika kuyambira mu Novembala pa Nyanja ya Malawi. Miyezi yotsekayi imathandiza, koma mitundu ya chambo siiswana pa nthawi imodzi, ina imayamba kale m'chilimwe, ina imapitirira mpaka cha m'Malichi. Choncho kuteteza malo oswanira chaka chonse n'kofunika mofanana ndi kutseka nyengo.

Msodzi wosauka amadziwa zonsezi, nthawi zambiri kuposa wolemba malamulo. Chomwe chimamukakamiza ndi chija amati fodya wako ndi amene ali pamphuno: ndikamusiya kasawalayu lero, amugwira mnzanga mawa. Lamulo limagwira ntchito pokhapokha aliyense akatsimikiza kuti mnzakenso alitsata. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa ufumu wa Makanjira, usodzi umatsekedwa cha m'Disembala mpaka Epulo, mwambo womwe unayamba m'zaka za m'ma 1950. Aliyense amachoka pachilumbapo, wophwanya amalangidwa ndi mafumu, ndipo potsegulira utaka umapezeka. Chinsinsi chake si china, koma kuti malowo ali ndi mwini woopedwa ndipo chiletsocho chimagwera onse.

Zochokera kumtunda

Nyanja imalandira chilichonse chomwe mapiri ataya. Mitengo ikadulidwa ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, mvula yoyamba imakokolola dothi. Pa mathiriro a Linthipe nthawi ya dzinja madzi ofiira amalowa m'nyanja makilomita angapo. Dothilo limakwirira miyala yomwe mpasa zimaikirapo mazira, mazirawo n'kubanika. Limakuta ndere za pamatanthwe, mbuna n'kusowa podya. Limatchinga kuwala. Ku Nyanja ya Victoria ofufuza anaona kuti m'madzi akuda nsomba zazikazi za banja lomweli zimalephera kusiyanitsa mitundu ya zazimuna, ndipo mitundu yomwe inali yosiyana imayamba kusakanikirana.

Ndipo zolowa m'nyanja yathu sizituluka msanga. Mtsinje wotuluka ndi umodzi, Shire, ndipo madzi ambiri omwe nyanja imataya amauluka ndi dzuwa, kusiya m'mbuyo zonse zomwe anabwera nazo. Dontho la madzi likalowa limatha kukhalamo zaka zoposa 100. Mankhwala kapena mafuta otayikira m'menemo ndi cholowa cha zidzukulu.

Kudula bango pofuna gombe loyera la malo ogona alendo kumaoneka ngati kukonza malo. Kwa chambo ndi kugumula chikuta.

Likodzo ndi nsomba zodya nkhono

Kachilombo ka likodzo kamafuna munthu ndi nkhono kuti kamalize moyo wake. Wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, timphutsi timalowa mu nkhono, timachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la wosamba kapena wochapa. Kale nkhono zofalitsa likodzo zinkadziwika kuti zimakhala m'madzi odekha a m'mabango ndi m'madambo, ndipo magombe amchenga a poyera ankaonedwa ngati abwino. Koma ku Chembe, ku Cape Maclear, ofufuza anapeza kuti nkhono ina ya pamchenga, Bulinus nyassanus, nayonso yayamba kufalitsa matendawa. Nkhonoyi imadyedwa ndi nsomba za mano opera apakhosi, makamaka Trematocranus placodon. Pomwe nsombazi zinachepa chifukwa cha makoka a m'mbali, nkhono zinachuluka, ndipo likodzo linakwera pakati pa ana a sukulu. Mankhwala a likodzo amachiza munthu, koma akabwerera m'madzi omwewo amalitenganso. Zimbudzi, mankhwala ndi kuteteza nsomba za m'madzi osaya ziyenera kuyendera limodzi.

Nsomba zachilendo

Chiopsezo chomwe sichibwezeka ndi kulowetsa mtundu wachilendo. Ku Nyanja ya Victoria anathiramo nsomba yaikulu yodya zinzake yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Inakhala chete zaka zambiri, kenako m'zaka za m'ma 1980 inasefukira, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za m'nyanjamo inasowa. Kuno kwathu namasupuni, yemwe kwawo ndi ku South America, watisonyeza kale mu Shire mmene chachilendo chimachitira chikapeza malo opanda adani ake.

Ngozi yomwe ili pafupi ndi Nyanja ya Malawi lero ndi Nile tilapia, Oreochromis niloticus. Alimi a nsomba m'maiko oyandikana nafe amaikonda chifukwa imakula msanga, ndipo yapezeka kale m'madzi ena a ku Tanzania omwe ali m'chigwa cha nyanjayi. Ndi mbale wake wa chambo ndi makumba. Imalimbirana nazo chakudya ndi malo a zisa, ndipo m'malo ena komwe yafika yakhala ikukwatirana ndi abale ake a komweko mpaka mtundu weniweni kusungunuka. Nsomba yochepa chifukwa cha makoka ikhoza kubwerera makoka akachotsedwa, koma yosakanikirana magazi palibe ukonde womwe ungaipatulenso. Damu la nsomba silisunga nsomba mpaka kale: chaka cha madzi osefukira limaphulika kapena kudzaza, zonse n'kutsikira mumtsinje. N'chifukwa chake malamulo a usodzi m'Malawi saloleza kuweta nsomba zachilendo mwachisawawa. Mlimi wa damu m'dera lililonse lomwe madzi ake amathera m'nyanja asunge makumba, chilunguni, chambo kapena mlamba, ndipo mbewu yake agule kwa oswetsa odziwika ndi alangizi a zausodzi, osati kwa wongodutsa nayo m'chigubu kuchokera kutsidya la malire.